Nkhope ya Bwana Chipewa

Lolemba, 6 Meyi

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi lapakati, pansi pa windo losatsekeka bwino. Mlongo wanga wandigulira kope ili kuti ndisiye kumulalatira iyeyo, ndizilalatira pepala.

Vuto ndi dzanja lamanja. Pamwamba pa mfundo pali chotupa chachikulu ngati dzira la nkhuku, cholimba, chotentha. Chinayamba chaka chatha nditagwa pa makwerero ndikulemba chikwangwani cha sitolo ya nsapato. Ndinkangopaka mafuta n'kumati chiphwa chokha. Adokotala atafunsa chimene ndachedwera, mlongo wanga anandiyankhira: "Awa ndi a Zengerezu, adokotala." Ndinamuyang'ana ndi diso loipa, koma sananame.

Chimene chimandidyetsa ndi kulemba zikwangwani. Chimene ndimadzitama nacho ndi nthano ya zithunzi imene ndimajambula pa tsamba lomaliza la nyuzipepala ya Loweruka, yotchedwa Mzinda wa Dzimbiri. Zaka khumi ndi chimodzi sindinaphonyepo. Sabata ino ndiphonya.

Namwino wati mawa akandijambula. Moyo wanga wonse ndakhala wojambula anthu, mawa ndikhala wojambulidwa.

Lachiwiri, 7 Meyi

Andijambula dzanja ndi chifuwa. Chithunzi cha dzanja ndinachiona adokotala atachikweza pa windo: fupa langa likuoneka ngati thabwa lodyedwa ndi chiswe. Iwo anangoti "Mmm," ndipo ophunzira udokotala amene anali nawo anawerama n'kulemba Mmm yemweyo m'makope mwawo. Atenga magazi timabotolo titatu. Mapiritsi awiri oletsa ululu, katatu patsiku. Sakugwira.

Kumanja kwanga kuli Aphunzitsi, opuma ntchito. Shuga anawadya chala cha kuphazi ndipo chilonda chikukana kupola. Amakonza kalankhulidwe ka aliyense, ngakhale ka manesi.

Kumanzere kuli a Mlonda, bambo wachikulire wofatsa. Mimba yatupa kwambiri, manja ndi miyendo ngati mapesi, maso achikasu. Ati ndi chiwindi. Alondera geti la nyumba imodzi ya anthu olemera zaka makumi atatu, ndipo namwino akangodutsa amafuna kudzuka kuti apereke ulemu. Akazi awo amabwera m'mawa ndi tiyi mu fulasiki ndi buledi, amakhala pa mpando wa pulasitiki n'kumawauza kuti lero akuoneka bwino. Sakuoneka bwino.

Lachitatu, 8 Meyi

Anandibaya jakisoni wa dzanzi n'kudula kachidutswa ka chotupa kukayeza. Zotsatira zimatenga sabata kapena kuposa. Dzanzi litatha ndinaluma pilo. Sisita wamkulu wandiyambitsa mofini wamadzi, kachikho kakang'ono maola anayi alionse, ndipo wati ndizimwa madzi ambiri kuopa kudzimbidwa.

Ndikugwira cholembera ngati mwana wa sukulu ya mkaka.

Lachinayi, 9 Meyi

Mlongo wanga wandiulula. Anabweretsa nthochi atazikulunga m'nyuzipepala yakale, tsamba lomaliza lili kunja. Aphunzitsi anapempha pepalalo n'kuyamba kuwerenga mokweza, akusintha mawu ngati wa pa wailesi. Mlongo wanga, pakamwa pake posadziwa kutseka, anati, "Wojambula zimenezo ndi achimwene angawa."

"Inu?" anatero Aphunzitsi. "Ndinu amene mwatizunza zaka zonsezi osationetsa nkhope ya Chipewa? Mulungu ndi wamkulu, wakubweretsani pafupi."

Basi, wodi yonse yandipatsa dzina: a Katuni.

Kwa amene sankaidziwa nthanoyo, Aphunzitsi anaifotokoza bwino kuposa ine mwini wake. Sipanala ndi makaniko wa m'mbali mwa msewu amene amalimbana ndi mbava zimene zikudya mzinda. Pali Mayi Lumo, amene amamwetulira asanacheke munthu. Pali Bwana Sikelo, wobera anthu pa muyezo. Pali Mapasa Osaseka, amene amanyamula munthu n'kupita naye kosabwerera. Pamwamba pa onsewa pali Bwana Chipewa, mwini wa zoipa zonse, amene ndimamujambula chakumbuyo kokha: msana, khosi ndi chipewa. Palibe anaonapo nkhope yake, ngakhale ine.

Lachisanu, 10 Meyi

Aphunzitsi sagona masana, ndipo safuna kuti wina agone. Atangowatsuka chilonda anayamba.

"A Katuni, atabwera munthu n'kunena kuti Mzinda wa Dzimbiri tiupange kanema, mungasankhe ndani kuti asewere?"

Ndinati akatswiri a kanema sindiwadziwa.

"Akatswiri a chiyani? Anthu ali m'wodi momwe muno."

Mayi Lumo sitinavutike naye. Sisita wamkulu amamwetulira, amati "Pepani bambo," kenaka amamatula pulasitala kamodzi n'kamodzi pamodzi ndi ubweya. Wodi yonse inavomera ndi mtima umodzi, motsitsa mawu. Bwana Sikelo tinapereka kwa mkulu wogawa chakudya. Amatunga chipande chodzaza, dzanja n'kuyamba kunjenjemera panjira, pofika pa mbale yako nyemba zatsala zoti ungazitche maina. Tinaseka mpaka bambo wothyoka nthiti wa pakona anatipempha kuti tisiye, zikumupweteka.

Mapasa Osaseka palibe anafuna kutchula. Tonse tinangoyang'ana ku khomo, kumene amalowera anthu awiri a yunifolomu yobiriwira akamakankha ngolo yachitsulo ya chivindikiro. Dzulo anabwera kawiri.

Aphunzitsi anafuna kukhala Sipanala. Ndinawauza kuti ngwazi siyenda ndi ndodo, ndipo ndinawapatsa Kandulo, mnzake wa Sipanala, chidakwa chodziwa miseche ya mzinda wonse. Za uchidakwa anadandaula, koma za miseche sanatsutse. Bambo wa nthiti anapempha kukhala wapolisi wogona pa ntchito, ati mbali imeneyo angaisewere asanachire n'komwe.

A Mlonda ankangomwetulira nthawi yonseyi. Kenaka anati, "Nanga ine, a Katuni? Kapena malo atha?"

Ndinayankha mosaganiza. "Inu madala simufunika n'kuphunzira komwe. M'nthanomu muli mlonda."

"Eya? Amatani mlondayo?"

Aphunzitsi, amene saiwala kanthu ndipo sadziwa posiyira, anati, "Ali pa tsamba loyambirira lenileni. Chithunzi choyamba akusinza pa geti. Chachiwiri Mapasa amumenya chitsulo pamutu. Sayankhula n'komwe."

Anthu anaseka. A Mlonda anasekako pang'ono, mwaulemu, kenaka anatembenukira kumbali, mimba ija akuinyamula ndi manja awiri. Zandiwawa mumtima.

Loweruka, 11 Meyi

Nyuzipepala yabwera. Pa malo anga aika malonda a matayala.

A Mlonda awapopa madzi m'mimba, mabotolo atatu, achikasu ngati mafuta ophikira. Akupuma bwinoko. Sanandiyankhule tsiku lonse. Ndinawatumizira malalanje awiri, anathokoza kudzera mwa akazi awo.

Chotupa chayamba kutuluka madzi pamene anadula paja. Amanga bandeji yatsopano.

Lamulungu, 12 Meyi

Tsiku la alendo. Wodi inadzaza fungo la mpunga ndi nkhuku, ndi anthu oimba nyimbo amene amapempherera aliyense asanafunse dzina lake. Aphunzitsi anawakonza vesi.

Anthu atapita, a Mlonda anandiitana osatembenuka.

"A Katuni. Kanema aliyense amene ndinaonerapo pa windo la abwana, mlonda ndiye amayamba kufa. Asanamwe n'tiyi yemwe."

"Pepani madala. Ndinalankhula mopusa."

"Zopepesa zisiyeni. Ine ndikufuna Chipewa."

Ndinayesa akuseka. Anatembenuka pang'onopang'ono, ndipo sankaseka.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikutsegulira anthu geti. Hutala ikalira, ine liwiro. Palibe anandiopapo. Mbava zinabwera kawiri, zinandimanga n'kundipempha machesi. Galu wa abwana, amene ndinkamudyetsa ndekha, ankandikodzera njinga. Ndikufuna kamodzi kokha munthu andiyang'ane aope. Ndiponso mdani wamkulu safa pakati pa kanema ngati ife alonda. Amafika kumapeto."

Ndinawauza zoona. Chipewa alibe nkhope, ndipo mphamvu yake ili pomwepo: aliyense amamuveka nkhope ya munthu amene amamuopa. Ukangomuonetsa, watha. Ndinawauzanso kuti nkhope yawo ndi ya munthu amene ungamusungitse mwana uli pa depoti, n'kupita kukagula tikiti mtima uli m'malo.

"Ndiphunzira," anatero.

Lolemba, 13 Meyi

Thupi latentha. Andiika diripi ndi mankhwala ena opha tizilombo, jakisoni kawiri patsiku. Sindinadye. Zala ziwiri zakumapeto sizikumva kanthu.

Lachiwiri, 14 Meyi

Ndiliko bwino pang'ono. Ndamwa phala theka la kapu.

A Mlonda ayamba kuphunzira. Abwereka kagalasi kometera ka Aphunzitsi ndipo m'mawa wonse akhala akukwinya pamphumi, kutong'ola maso, kuluma mano. Namwino wamng'ono atabwera ndi mapiritsi, a Mlonda anamuyang'ana ndi nkhope yawo yoopsa kwambiri. Mtsikanayo anaika mapiritsi pansi n'kuthamanga kukatenga poto, ati anaona kuti afulumizidwa.

Aphunzitsi anaseka mpaka misozi. "Madala, amati ukaipa dziwa nyimbo. Koma ukafatsa nkhope, mankhwala ake kulibe."

A Mlonda anabweza poto mwaulemu, n'kuthokoza. Kenaka anatenganso kagalasi.

Lachitatu, 15 Meyi

Zotsatira sizinabwere. Adokotala aang'ono anangodutsa. Bambo wa nthiti watuluka, pa bedi lake pabwera wina wosayankhula, wapsa ndi moto. Palibe wamupatsa mbali m'kanema.

Lachinayi, 16 Meyi

Adokotala aakulu anabwera ndi gulu lawo, anatseka makatani, n'kukhala pa bedi langa. Dokotala akakhala pansi, dziwa kuti zavuta.

Ndi khansa ya m'fupa. Chifuwa chili bwino, sinafalikire, ndipo ati mwayi wanga ndi umenewo. Kuti isafalikire ayenera kudula mkono pamwamba pa chigongono. Ndinafunsa ngati sangangochotsa chotupa chokha. Anati fupa ladyeka ndipo matenda alowerera m'mitsempha. Ndinati ndine wojambula. Anati akudziwa, Sisita anawauza, koma iwo akufuna ndikhale wamoyo. Opareshoni ndi Lachinayi likudzali, magazi akakwera.

Mlongo wanga analira. Ine ndinamukalipira chifukwa cha nthochi zopsa kwambiri, ndipo sindikudziwa chifukwa chake.

Makatani ndi nsalu chabe, wodi yonse inamva. Za kanema palibe watchula lero.

Lachisanu, 17 Meyi

Magazi ali pa 8, akufuna afike pa 10. Andiika thumba limodzi, linatenga masana onse.

Ndakhala ndikuliyang'ana dzanjali. Lili ndi chipsera cha lumo losongolera pensulo, ndi inki pansi pa chikhadabo imene sinachokepo chiyambire unyamata wanga. Ndikuopa.

Loweruka, 18 Meyi

Akonzi a nyuzipepala anabwera ndi mabisiketi, n'kukhala m'mphepete mwa mpando ngati khansa imalumpha. Anati owerenga akufunsa. Anati ngati ndingathe ndiwapatse tsamba limodzi lotsekera, Sipanala agonjetse Chipewa, anthu apume. Kenaka malowo apita kwa a matayala mpaka kalekale. Anatuluka mofulumira, akupukuta manja ndi mpango.

Tsamba limodzi limakhala ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi. Masana ndinayesa, mlongo wanga atandigwirira bolodi pa maondo. Ndinayamba ndi mutu wa Sipanala, umene ndimatha kuujambula nditatsinzina. Pensulo inagwa katatu ndipo mutuwo unatuluka ngati mbatata. Pofika pa phewa ndinali nditanyowa thukuta.

Zisanu ndi chimodzi sizitheka. M'dzanja ili mwatsala chithunzi chimodzi chokha, ngati chilimo n'komwe.

Mlongo wanga wati, "Achimwene, mungojambula Sipanala ataponda chipewacho ndi nsapato, basi. Anthu asangalale, inunso mupume." Akunena zanzeru. Nthawi zonse amanena zanzeru, n'chifukwa chake timakangana.

Lamulungu, 19 Meyi

A Mlonda asanza magazi m'mawa. Awasamutsira ku bedi loyandikana ndi ofesi ya manesi. Tonse tikudziwa tanthauzo la bedi limenelo. Aphunzitsi amalitcha pa siteji, chifukwa munthu amangodikirirapo chomunyamula.

Akazi awo anatsatira ndi mpando wawo wa pulasitiki. Podutsa pa bedi langa anati, "Awasamutsa kuti azipuma mphepo yabwino." Ndinavomera.

Abwana awo a geti aja sanabwerepo. Anatumiza dalaivala ndi shuga paketi imodzi.

Lolemba, 20 Meyi

Magazi afika pa 9 ndi theka. Thumba lina mawa.

Ndinayenda mpaka pa siteji, ndikukoka mtengo wa diripi. A Mlonda anali maso, akuyang'ana kudenga. Ndinaima pafupi n'kuwayang'ana nkhope.

Masaya alowa. Mafupa a pamwamba pa maso atuluka, ndipo maso achikasu aja alowa mkati n'kumayaka. Mano akuoneka aatali chifukwa milomo yauma n'kubwerera. Nkhope imene ndaisowa zaka khumi ndi chimodzi, matenda aisema m'masabata awiri. Maso a wojambula alibe chisoni: anakondwa, ndipo ndinadzida chifukwa cha kukondwako.

"Madala, mwapambana," ndinatero. "Chipewa ndinu."

"Koma sindinakwinye n'komwe."

"Musakwinye. Mungokhala mmene mulilimu."

Anafuna kudzuka kuti athokoze. Ndinawaletsa. Ndinati Chipewa sathokoza munthu.

Lachiwiri, 21 Meyi

Andiika thumba lachiwiri. Lili mkati, akazi a madala aja anabwera pa bedi langa. Sanakhale pansi.

"Bambo, ndamva mukufuna kujambula amuna anga ngati chigawenga."

"Apempha okha, mayi."

"Munthu wodwala amapempha zambiri. Dzulo amapempha njinga yawo. Amuna anga sanabepo ngakhale singano. Anthu akaona m'nyuzi adzati chiyani? Ana awo adzati chiyani? Dikirani achire, anenepe, muwajambule atavala jekete."

Kumuuza munthu kuti jeketeyo sidzavalidwanso si ntchito yanga. Ndinangowaonetsa dzanja langa n'kunena kuti ili likupita mkuja.

Wodi inali zii, ndipo a Mlonda anamva ali pa siteji. Mawu awo atsika kwambiri, koma anafika.

"Mayi a ana. Chikwatiranireni, ndinakukanizanipo kanthu?"

"Ayi, bambo."

"Inunso musandikanize ichi."

Mayiwo anatenga makapu n'kupita kukawatsuka. Anali otsuka kale.

Lachitatu, 22 Meyi

Magazi 10. Dokotala wogonetsa anthu anabwera, anandimvetsera chifuwa, wati ndisadye kanthu ndikangodya chamadzulo. Wina anandilemba mzere wa buluu pamwamba pa chigongono, posonyeza podula. Mzere wokhota. Ndikanaulemba ndine bwenzi uli wowongoka.

Titadya chamasana ndinapempha Sisita wamkulu kuti andimangirire cholembera cha inki ku zala ndi pulasitala, chifukwa sizikugwiranso. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndamva kuti ine ndine Mayi Lumo."

Ndinayang'ana kwa Aphunzitsi. Aphunzitsi anayang'ana kudenga.

"Bweretsani dzanjalo," anatero. Analimanga bwino, cholembera chitapendekeka mmene ndinawauzira, n'kundipatsa mofini wa nthawi imeneyo. Kenaka anauza manesi kuti pa siteji asapitepo munthu mpaka iwo atanena.

Mlongo wanga anabweretsa chipewa changa kuchokera kunyumba. Chinawakulira a Mlonda mpaka kuphimba maso, ndiye Aphunzitsi anapinda nyuzipepala n'kuika mkati. Tinawatsamiritsa pa mapilo atatu. Amene amatha kuyenda anabwera n'kuima chapatali. Aphunzitsi, atatsamira ndodo zawo, analengeza kuti aliyense akhale chete, kanema wayamba. Akazi a madala anakhala pa mpando wawo atafulatira bolodi.

Pensulo sindinaigwire, mphamvu yodutsa kawiri ndinalibe. Ndinapita ndi inki kamodzi. Zala sizinkayenda, ndiye ndinkajambula ndi phewa, mkono wonse ukuyenda ngati ndikulemba chikwangwani. Ndinayamba ndi chipewa, chifukwa ndimachidziwa. Kenaka ndinatsika m'munsi mwake, kumene sindinafikeko chiyambire. Mzere ulionse unkandibaya mpaka m'khosi. Mlongo wanga ankandipukuta thukuta kuti lisadonthere pa pepala, ndipo kamodzi anati tisiye. Ndinamuuza mawu amene sindingawalembe pano.

A Mlonda anasinza kawiri. Akazi awo ankawanyowetsa milomo ndi thonje, osayang'ana mbali yanga. Akadzidzimuka ankafunsa, "Ndasokoneza?" Ndinkati ayi.

Maso ndinamalizira. Dzanja linanjenjemera pa diso lamanzere, mzere unathawa n'kutsika pa tsaya. Ndinausiya. Unakhala ngati chipsera.

Pamwamba ndinasiya malo a mawu. Ndinafunsa, "Chipewa anene chiyani, madala? Zaka zonsezi sanayankhulepo atayang'ana anthu."

Anaganiza nthawi yaitali, mpaka ndinayesa agonanso.

"Anene kuti: Tsegulani geti."

Aphunzitsi anadzipereka kuti alembe ndiwo. Ndinakana. Zilembo ndi ntchito yanga.

Nditamaliza, mlongo wanga anatembenuza bolodi. A Mlonda anayang'ana, anayang'ananso.

"Ine sindingadziwe," anatero. "Munthu sadziopa yekha. Aonetseni mayi a ana."

Mayiwo anapukusa mutu. Amuna awo anawaitana ndi dzanja. Mayiwo anatembenuka, kapu ya madzi ili m'manja.

Kapu inagwa. Anagwira pakamwa n'kubwerera m'mbuyo mpaka anagunda bedi lina. Anayang'ana pepala, anayang'ana amuna awo, anayang'ananso pepala. Masiku onsewa akhala akuwauza kuti akuoneka bwino, ndipo ndikukhulupirira kuti ankaonadi choncho. Koma pa pepala panalibe mawu ofatsa aja, panalibe ulemu, panali mafupa ndi maso okha, ndipo aliyense akanaona kuti nkhopeyo ndi ya munthu amene watsala pang'ono. Anatulutsa kamawu ngati wapondedwa, n'kuthamangira panja.

A Mlonda anaseka. Mawu sankatuluka, mapewa okha ndiwo ankagwedezeka, chipewa chikutsetsereka.

"Mwaona, a Katuni? Aopa. Akazi anga enieni aopa."

Palibe anawauza chimene mayiwo anaopa. Aphunzitsi anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

"Aopa zedi, bwana," ndinatero.

Sindikudziwa ngati munthu anawatchulapo bwana. Anatsinzina, akumwetulira.

Ndikulemba izi cholembera chikadali chomangirira, Sisita akudikira kuti amatule. A ku opareshoni amabwera kudzatenga anthu m'mamawa. Dzanja iwe, wagwira ntchito.

Lolemba, 27 Meyi

Dzanja lamanzere. Zilembo ngati mapazi a nkhuku. Ndilemba pang'ono.

Anadula Lachinayi. Ndinadzuka madzulo ndikusanza. Kapaipi kotulutsa magazi anachotsa dzulo. Bala lili bwino, ati. Zala zimene kulibe zikuyabwa, ndipo pokanda palibe.

A Mlonda anamwalira Lachisanu masana. Mapasa anabwera. Pa siteji pagona wina.

Mayi aja abwera lero kudzatenga fulasiki imene anaiwala. Avala zakuda. Ndinawapatsa chithunzi chili chokulunga, ndinati ndi chawo. Sanachitsegule.

"Bambo aja sindinawaopepo ngakhale tsiku limodzi," anatero. "Pitani nacho ku nyuzi, ena akaope nawo. Ine ndinaopa kale."

Mlongo wanga wapita nacho kwa akonzi. Chituluka Loweruka, chokha, tsamba lonse.

Masana Aphunzitsi anafunsa, "Ndiye Sipanala adzamugonjetsa liti Chipewa?"

Ndinawaonetsa bandeji. Ndinati sadzamugonjetsa, womugwetsa kulibenso.

Anayang'ana bandejiyo.

"Ndiye kuti mzinda wonse watsala m'manja mwa mlonda."

Ndinati inde.